Mlendo Amene Ankakana Mbale Yanga

1

Dzina langa ndine Felister, kwathu ndi ku Chiradzulu, koma nkhaniyi ndikuilemba ndili ku Doha, m'kachipinda kanga ka kuseri kwa khitchini. Ndakhala nayo kukhosi nthawi yaitali. Mnzanga wina anandiuza kuti chithupsa sichipola usanachifinye, ndiye lero ndati ndichifinye pamaso panu.

Ndinabwera kuno zaka zingapo zapitazo kudzasamala gogo wina, Mayi Yasmin. Amakhala ku Al Duhail, mu kampaundi ya anthu okalamba amene anapuma pantchito. Ndi tinyumba tofanana tondondozana, mpanda wautali, geti limodzi la mlonda, ndi kachipatala pakati pomwe nesi amayeza agogowa shuga m'mawa. Phokoso la kuno ndi la makina oziziritsa m'nyumba ndi amphaka basi. Achibale akabwera kudzazonda kholo lawo amaloledwa kugona, ndipo ena amakhalitsa mpaka wophika kutopa nawo.

Mayi Yasmin ndi mmwenye wobadwira ku Limbe. Anatsata amuna awo kuno ine ndisanabadwe, amunawo anamwalira, ndipo mwana wawo wamwamuna amene amakhala kudera lina lotchedwa The Pearl ndiye anawapezera nyumbayi. Atakalamba, Chingerezi ndi Chiarabu zinayamba kuwatopetsa, nafuna munthu woti azicheza naye m'Chichewa chimene anakula nacho. Ine ndimawatchula kuti Mama.

Ntchitoyi anandipezera ndi mwamuna wanga Everson. Iye ankayendetsa lole pa shopu ya zipangizo zomangira ya achimwene awo a Mama ku Limbe. Tsiku lina anafika kunyumba ku Bangwe nkhope ili mwee, nati abwana ake akufuna mayi wokhulupirika woti akasamale mlongo wawo kunja. Poyamba ndinakana, poti mwana wathu Upile anali adakali ku pulaimale. Koma Everson pakamwa ndi pake. Anati timanga nyumba, mwana aphunzira sukulu yabwino, ndipo zaka ziwiri si kanthu. Upile tinakamusiya kwa mayi anga kumudzi, ine n'kukwera ndege.

Zaka ziwiri zija zinabereka zinzake. Everson ankaimba foni Lachisanu lililonse, tsiku langa lopuma. Nkhope yake sindinkaiona, ati kamera ya foni inafa. Ndikati ndikufuna kubwerera, yankho linali limodzi: ndipirire pang'ono, nyumba sinafoleredwe.

2

M'mwezi wotentha kwambiri, pamene ngakhale amphaka amabisala pansi pa magalimoto, Mama anandiitana akumwetulira ngati mwana. Kunkabwera alendo ochokera ku Malawi. Anali Raihana, mwana wa achimwene awo aja, amene anatenga shopu bambo ake atamwalira. Ine ndinali ndisanamuonepo. Mama anati mtsikanayo anavutika pa banja lake loyamba, anapita padera kawiri, mwamuna n'kumusiya. Tsopano anali atakwatiwanso ndi munthu wina dzina lake Umaru, woyang'anira shopuyo, ndipo anali woyembekezera. Ankabwera kudzaonana ndi madokotala a kuno kuti pakati apa pasachokenso.

Ndinakondwa nawo. Nyumba ya anthu awiri imatopetsa, ndipo alendo a kwathu sabwera chimanjamanja, amabwera ndi nkhani. Ndinakolopa chipinda cha alendo, ndinapinda masamusa odzaza firiji, ndinanyika mpunga wa biriyani. Lachisanu la sabata imeneyo Everson anandiuza kuti akupita ku Nacala kukatenga simenti, ndisadabwe akakhala chete, netiweki ya kumeneko ndi yovuta.

Tsiku lofika alendo, dalaivala wa mwana wa Mama anakawatenga ku eyapoti. Belu litalira, Mama anati yala, yala, kutanthauza kuti ndifulumire. Ndinatsegula chitseko nditanyamula thireyi ya madzi ndi zipatso za tende.

Analowa mayi woyera, wamtali, wooneka wotopa, dzanja lili pamimba. Kumbuyo kwake kunali bambo wa ndevu zambiri, atavala mkanjo woyera ndi kachisoti, akukoka masutikesi awiri. Anawerama kuti avule nsapato, ndipo ndinaona chipsera cha kuseri kwa khutu lake. Chipsera chimenecho ndinachitsuka ndekha ndi madzi amchere, chaka chimene anagwa panjinga tili pachibwenzi.

Anaweramuka, maso athu n'kukumana. Umaru uja anali Everson.

Mpaka lero sindidziwa kuti thireyi ija sinagwe bwanji. Mama anali kalikiliki kukumbatira Raihana. Kenako ananditchula dzina, nati uyu ndiye dzanja langa ndi mwendo wanga. Mwamuna wanga anatenga tambula ya madzi pathireyipo osandiyang'ana.

"Zikomo, anti," anatero.

3

Everson anandipeza tsiku lotsatira masana, amayi awiriwo atagona. Ndinkatsuka mapoto. Analowa m'khitchini mwakachetechete, natseka chitseko.

Ndinkaganiza kuti ndimukalipira, mwina kumuponyera poto, koma sanandipatse mpata. Iye ndiye analankhula, monong'ona, mothamanga. Anati zinangochitika. Abwana akale atamwalira, Raihana anabwera kuchokera ku Joni kudzatenga shopu, anali yekhayekha, iye n'kumamuthandiza, mapeto ake n'kulowa Chisilamu ndi kumanga naye ukwati mwakachetechete. Anati Raihana amadziwa kuti iye anali ndi mkazi amene anasiyana naye kalekale, koma sadziwa kuti mkaziyo ndi ine. Ntchito yanga ya kuno anaikonza ndi malemu bambo ake, iye kulibe.

"Amake Upile, chonde," anatero. "Dokotala wanena kuti akangodzidzimuka, mwana wapita. Mukufuna magazi a khanda akhale pamutu panu?"

Ndinamufunsa ngati nyumba ija inafoleredwa. Anayang'ana pansi.

Kenako anayamba kundiwerengera zimene zichitike ndikatsegula pakamwa. Mama sangathamangitse magazi awo, athamangitsa wantchito. Everson yemweyo achotsedwa pashopu. Upile, amene anali atangoyamba kumene sekondale yogonera konko, abwerera kumudzi kukalima nandolo. Anati ndi masabata awiri okha, akapita tidzakambirana bwinobwino ngati anthu akuluakulu.

Atatuluka ndinatsegula chitseko cha kuseri n'kuima pakhonde. Kutentha kunandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni. Ndinayang'ana mpanda, ndinayang'ana geti. Ndikanapita kuti? Chiphaso changa chokhalira m'dziko muno chili m'dzina la mwana wa Mama. Wantchito akachoka panyumba popanda kutsanzika amatchedwa wothawa, ndipo wothawa sagona tulo. Ndinalibe m'bale, ndinalibe nkhoswe, ndinalibe ngakhale mtengo woti ndikalire patsinde pake. Ndinabwerera m'khitchini n'kuyamba kusenda anyezi a chakudya chamadzulo.

4

Amene sanaphikirepo alendo okhalitsa m'nyumba ya munthu wokalamba sangamvetse. Mama ali ndi shuga ndi kuthamanga magazi, ndiye chawo ndi chopanda mchere, chopanda mafuta, ndipo chimafika patebulo pa nthawi yake chifukwa cha mankhwala. Alendo ankadzuka mochedwa, n'kufuna mazira pamene ine ndayamba kale za nkhomaliro. Tsiku lililonse ndinkaphika zakudya za mitundu itatu, kutsuka, kuyala tebulo, kuchotsa, n'kuyambiranso. Tsiku langa lopuma linathera pomwepo. Mama anati ndidzapuma alendo akapita.

Everson ankadya ngati wachokera kundende. Ankanyambita zala, ankapempha zoonjezera, ankayamikira dzanja la anti pamaso pa onse. Ine ndinkaima pafupi ndi khomo ndi jagi ya madzi, kuyang'ana mwamuna amene ndinamuphikira pa mbaula ku Bangwe akupatsidwa ulemu wa mkamwini.

Tsiku lina Raihana atagona kuchipinda, Mama anakumbukira kanthu ali pakati pa kudya. Anafunsa Umaru ngati akumudziwa mwamuna wanga, dalaivala wa pashopu paja. Dzina linali litawathawa, ndiye anatembenukira kwa ine.

"Everson," ndinatero.

Iye anameza, namwera madzi.

"Ndimamudziwa, Mama. Koma anasiya ntchito kalekale."

Mama anandiyang'ana modabwa. Ndinati n'zoona, masiku ano akuyendetsa za anthu ena. Linali bodza langa loyamba kwa gogo ameneyu, ndipo ndinalinena pomutchinjiriza munthu amene anandipha ndili moyo.

Masabata awiri aja atatsala pang'ono kutha, anabwera kuchokera kuchipatala ndi uthenga. Dokotala waletsa Raihana kukwera ndege mpaka atachira. Mwana wa Mama anawakonzera zoti akhalebe m'dziko muno. Mama anawomba m'manja, ati nyumba yawo imva kulira kwa khanda. Ine ndinakhala pa ndowa m'khitchini kuwerenga miyezi yotsala.

Koma panali vuto lina limene linkakula tsiku ndi tsiku. Raihana sankadya.

Ndikamuikira mbale, ankangotembenuzatembenuza ndi supuni, n'kukankhira kwa mwamuna wake. Ankakhalira mabisiketi a m'paketi, nthochi zosenda yekha ndi madzi a m'botolo. Ankati akumva nseru. Masaya analowa, maso anagwa, mimba yokha ndiyo inkakula. Nesi wa pakachipatala anamuyeza nati magazi achepa. Mama anayamba kundikalipira, chinthu chimene anali asanachitepo. Ankati mwina ndikuchulutsa mafuta, mwina zokometsera, ndiyesetse kupeza chimene mwanayu angachikonde.

Mungadabwe, koma ndinkamumvera chisoni. Ndinkati naye wanamizidwa ngati ine, kusiyana kwake n'koti iye sakudziwa. Ankandilankhula mwaulemu, osandiyang'ana m'maso, ine n'kumati ndi manyazi a mlendo. Ndinakumbuka mmene ndinkalakalakira zakudya za kwathu ndili ndi pakati pa Upile. Ndinapempha Tusajigwe, mayi wa ku Karonga amene amasamala gogo wa nyumba yoyandikana nafe, kuti akapita kumashopu a ku Al Asmakh pa tsiku lake lopuma akandifunire zinthu za kwathu. Tinkakumana kotaya zinyalala, ndiko kokha kumene tinkachezera. Anandibweretsera tinsomba touma tofanana ndi usipa, mtedza, mbatata ndi therere.

Ndinaphika futali. Ndinatendera masamba. Ndinaphika therere la soda monga amachitira mayi anga. Raihana ankanunkhiza, ndipo ndinkaona kukhosi kwake kukumeza malovu, koma mbale inkabwerera mmene inapitira, kapena inkathera m'mimba mwa Everson.

5

Linali Lachisanu masana. Everson anali atapita ku mzikiti ndi mwana wa Mama, Mama atagona. Ndinaphika phala la mpunga la nsinjiro, lofewa bwino, n'kukamusiyira Raihana kuchipinda. Kenako ndinatuluka kukaanula zovala kuseri kwa nyumba.

Ndili pakati pa nsalu zoyanika, ndinamva windo la chipinda cha alendo likutseguka. Dzanja la Raihana linatuluka ndi supuni ya phala, n'kuthira pansi. Mphaka wina wa mukampaundi, amene ankaoneka kuti anazolowera pamalopo, anathamangira n'kunyambita. Ndinaganiza kuti akutaya. Koma sanathirenso. Anangoima pawindo, mbale ili m'manja, maso ali pa mphaka. Mphaka anamaliza, nadzinyambita, nagona pamthunzi. Iye anapitiriza kumuyang'ana, kudikira.

Ndinakulira kumudzi, ndikudziwa chimene munthu amadikira akapatsa chiweto chakudya chake n'kumachiyang'ana.

Ndinalowa osagogoda. Anatembenuka, mbale n'kumupulumuka, phala mbwee pansi. Anabwerera m'mbuyo mpaka kutsamira khoma, manja onse awiri ataphimba mimba.

"Mukuopa kuti ndakuthirirani chiyani?" ndinamufunsa.

Anayang'ana phala lotayika lija. Ine ndinamuyandikira.

"Munthu saopa wophika amene sanamulakwire. Mukundidziwa, eti?"

Anavomera ndi mutu, misozi n'kuyamba. Anakhala pabedi, nalankhula nkhope ataizolika. Anati ankandidziwa ndisanakwere n'komwe ndege. Sanali ku Joni ayi. Anali pashopu pomwepo, bambo ake ali chigonere, ndipo iye ndi Everson anali atayamba kale. Azakhali ake atadandaula pafoni kuti akusowa munthu wolankhula Chichewa, ndi iyeyo amene anaganiza za ine. Ndi iyeyo anaimbira msuweni wake kuno, mwana wa Mama uja, nandiyamikira kuti ndine mayi wokhulupirika, asanandione ndi maso. Ngakhale sutikesi imene ndinanyamula, imene Everson anati ndi mphatso ya abwana, anakagula ndi iyeyo.

Anati pobwera kuno anapempha msuweni wake kuti andipatse tchuthi ndipite kumudzi, koma Mama anakana, ati alendo adya chiyani wophika atachoka. Analibe kwina kofikira, ndipo mwanayu sankafuna kumutaya. Choncho anagwirizana ndi Everson kuti iye azikhala ngati sakudziwa kanthu.

"Chilowereni m'nyumba muno njala ikundipha, anti," anatero. "Fungo la zimene mumaphika limandiliza. Koma ndikagwira supuni ndimaganiza kuti ndikanakhala inuyo, ndikanathira."

Miyezi yonseyi ndinkadzuka m'mamawa kumusinjira mtedza, kumumvera chisoni, kudzitcha ine ndi iye anthu a tsoka limodzi. Ndinatenga chokolopera, ndinapukuta phala lija, n'kutuluka.

6

Madzulo a tsiku limenelo ndinayala tebulo monga mwa masiku onse. Onse atakhala, ndinapakulira Mama, ndinapakulira Everson, ndinapakulira Raihana. Kenako ndinachita chimene wantchito sachita. Ndinakoka mpando n'kukhala. Ndinatenga supuni, ndinatapa mpunga ndi ndiwo m'mbale ya Raihana, ndinatafuna pang'onopang'ono, ndinameza, n'kumukankhira mbaleyo.

"Idyani, mkazi mnzanga. Mwaona, sindinafe."

Mama anaika foloko pansi. Anafunsa kuti mawu amenewo akutanthauza chiyani. Everson anayamba kuseka kuseka kwa bodza, ati anti atopa, koma Mama anamuletsa ndi dzanja, nati akufunsa ine.

Ndinawauza zonse, kuyambira ku Bangwe mpaka pa mphaka. Sindinalire, sindinakweze mawu. Mama anafunsa Raihana ngati n'zoona, iye navomera ndi mutu. Anafunsa Everson dzina limene mayi ake anamupatsa. Analitchula motsitsa mawu.

"Wadya patebulo langa, mkazi wako ataima kumbuyo kwako ndi jagi ya madzi," anatero Mama. "Ndinakufunsa za iwe mwini, unandiyankha uli ndi chakudya changa m'kamwa. Khalasi, zatha. Sugonanso muno."

Anaimbira mwana wawo, ndipo usiku womwewo dalaivala anabwera kudzamutenga Everson. Anakamupezera bedi ku Al Asmakh, m'chipinda cha anyamata olondera. Potuluka anayesa kundilankhula pakhomo, koma ndinamupatsa nsapato zake n'kutseka chitseko.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma m'mawa mwake Mama anandiitanira kuchipinda kwawo, nandikhazika pabedi, nagwira dzanja langa. Anati achita manyazi ndi zimene mwana wa achimwene awo anandichita, ndipo sadzamukhululukira msanga. Komabe ndi magazi awo, sangakwere ndege, ndipo mwana ali m'mimbayo sanalakwire munthu. Anati pasipoti yanga ndili nayo ndekha, ndikafuna kupita sandiletsa. Kenako maso awo anadzaza misozi.

"Koma ukapita, ine ndidzalankhula ndi ndani? Nanga uyu adzadya za ndani?"

Sanandikakamize. Koma pali kupempha kwina kumene kumamanga kuposa chingwe. Ndinaganiza za Upile ndi sukulu yake, tsopano popanda bambo womudalira. Ndinaganiza zofika kumudzi chimanjamanja, wopanda banja, wopanda nyumba, anthu akuloza. Khomo linali lotsegula, koma kunja kwake kunalibe njira. Ndinatsala.

Kuyambira tsiku limenelo mbale iliyonse ya Raihana ndinkayamba kulawa ndine, iye akuona. Ndikatero ankadya mpaka kupukuta. Masaya anabwerera, nesi nayamba kumwetulira. Sitinkacheza. Ine ndinkalawa, iye ankadya, ine n'kuchotsa mbale.

Pano ndiyenera kunena chimene sindinauzepo munthu, ngakhale Tusajigwe. Raihana asanalankhule mawu aja, ganizo lomuthirira kanthu linali lisanandifikepo ngakhale kamodzi. Koma atangolitchula, linalowa m'khitchini mwanga n'kukhazikika. Ndikatsegula kabati ya mankhwala a Mama, linali pomwepo. Ndikatenga botolo la zotsukira pansi, linali pomwepo. Sindinachite kanthu, ndipo Mulungu ndi mboni. Koma supuni yoyamba ija sindinkalawira iye yekha ayi. Ndinkalawanso kuti manja anga adziwe kuti chilichonse chimene athire, woyamba kumeza ndi mwini wake.

7

Mwana anabadwa wamwamuna, wathanzi, mphuno ngati ya Upile. Nditamuona koyamba ndinafuna kumuda, koma zinakanika. Ndinaphikira mayi ake phala ndi msuzi wa nkhuku mpaka anapeza mphamvu. Agogo a mukampaundi ankabwera ndi ndodo zawo kudzaona khanda, ine n'kumawaphikira tiyi ndi kukazinga masamusa, iwo n'kumayamikira kuti banja ili lili ndi wantchito wa mtima wabwino.

Atatha kuyenda, anabwerera ku Malawi onse atatu. Raihana sanamusiye Everson, ndipo Everson akadali pashopu. Potsanzika Raihana anafuna kunena kanthu, koma ndinamuuza kuti galimoto ikudikira.

Banja langa linathera pafoni. Malume anga ndi nkhoswe ya kwa Everson anakumana ku Chiradzulu, ine ndikumvera ndili m'khitchini muno, mpunga uli pamoto. Nyumba ija anakaiona: maziko okha, udzu utamera mkati. Chovuta kwambiri chinali kumuuza Upile. Anamvetsera osandidula, ndipo nditamaliza sanafunse za bambo ake kapena za mchimwene wake watsopanoyo. Anangofunsa kuti, nanga inuyo amayi mubwera liti? Ndinamuuza kuti apirire pang'ono. Mawuwo atangotuluka ndinazindikira kuti ndawatenga kwa ndani, ndipo ndinalira kuposa tsiku lija la pakhomo.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene muli m'makhitchini a eni kunja kuno, musanditche woyera mtima. Anthu amati ndinapirira, ndinakhululuka, ndinadyetsa mdani wanga. Zoona zake n'zakuti ndinalibe kolowera. Kupirira kwa munthu amene ali ndi kwina kopita ndi ukoma, koma kupirira kwa munthu wotsekeredwa ndi ndende chabe, ngakhale anthu akuombere m'manja. Ndipo inu amene muli kumudzi, mukamalandira foni ya m'bale wanu ali kunja akuseka, nati zonse zili bwino, mufunseni kawiri. Ena a ife timaseka tili ndi jagi ya madzi m'manja, kumbuyo kwa mpando umene unayenera kukhala wathu.

Mama akukalambirakalambira. Masiku ano amaiwala zambiri, ndipo zina mwa zimene aiwala ndi zimene zinachitika patebulo lija. Sabata yatha anandiitana akumwetulira. Ati Raihana waimba foni, akufuna kubwera ndi mwana pa chikondwerero cha Idi kuti madokotala adzamuone, ndipo bambo a mwanayo awaperekeza. Ati sakhalitsa. Anandifunsa kuti tidzawaphikira chiyani.

Ndinapita kotaya zinyalala, ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuyang'ana geti, mpaka mlonda anandifunsa ngati ndikudikira munthu. Ndinati ayi. Kenako ndinakumbuka kuti nthawi ya mankhwala a Mama yakwana, ndipo samwa asanadye.